Ufa woyera pa zigoba zanga za Conus

Anzanga otolera zigoba, ufa woyera umene unagwira zigoba zanga uja ndaugonjetsa, kapena ndinene kuti waima kaye.

Chiperoni chitangoyamba ndinatsegula dilowa ya m'munsi ya kabati yanga n'kupeza Conus textile wanga (chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere) atachita mbuu. Ndinkayesa chuku. Ndinapukuta, koma pamene ndapukutapo panatsala pokhakhala, kuwala konse kutapita. Posakhalitsa ufawo unaonekeranso pa zigoba zina: pa ma Nerita ndi pa Cypraea tigris mmodzi. Chinandiululira ndi fungo: m'dilowamo munkanunkha viniga.

Awa ndi matenda a Byne, amene analembedwa koyamba mu 1899, ngakhale mulibe kachilombo kalikonse. Matabwa ndi guluu wa kabati zimatulutsa mpweya wa asidi. Chinyezi chikachuluka, asidiyo amadya laimu wa chigoba n'kusiya timchere toyera. Ndiye musavutike ndi Jik, sathandiza, ndipo ma cowrie, zigoba zonyezimira ngati Cypraea uja, amawaphera kuwala. Ine ndatsuka chimodzichimodzi ndi madzi okha ndi kamswachi kofewa, n'kuyanika pamthunzi mpaka m'kati mwenimweni mutauma. Apa mpamene panandidyera masiku, chifukwa dzuwa la ku Blantyre kuno mwezi uno n'longoonerera. Kabati ya matabwa ndaisiya. Zonse zili m'timabokosi ta pulasitiki ta mumsika wa Limbe, ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi tomwe amayi ena ogulitsa nsapato amandisungira. Pomwe padyeka padyeka basi, sipabwerera.

Posanja mwatsopano ndinayala pamphasa thumba lomwe achimwene ena oyendetsa thiraki ananditengera ku Nacala. Gombe limodzi lomwelo, koma taonani. Terebralia palustris wamtali wa m'matope a mitengo ya mangrove, Nerita wokakamira pamiyala pomwe mafunde amamenya, Lambis lambis ndi zala zake, ndi Monetaria annulus wa kamzere kachikasu kozungulira pamsana. Annulus akapereseka ndi mchenga amandisokonezabe ndi mnzake Monetaria moneta, mpaka nditayang'ana timabampu ta m'mbali mwa moneta. Achimwenewo ndinawachenjeza kuti atole zopanda nkhono zokha. Conus wamoyo amabaya ndi ululu, ndipo Conus geographus anaphapo anthu.

Chondidabwitsa n'choti Lanistes nyassanus wanga wa ku Cape Maclear, amene ndinayamba naye ntchitoyi, sanakhudzidwe ngakhale anali m'kabati yomweyo. Mwina chifukwa anali pamwamba pomwe mphepo imapita. Ndimamukondabe chifukwa chokhotera kumanzere pomwe anzake a kunyanja yamchere ambiri amakhotera kumanja.

Malebulo ena anyowa, ndiyenera kuwalembanso ndi pensulo. Zikatha izi ndikufuna ma Conus onse a gombe la Mozambique, kuyambira ku Maputo mpaka ku Pemba. Mitundu ya Conus padziko lonse ndi mazanamazana, ndikudziwa, musandiseke. Amene ali ndi ulendo wa ku Beira kapena ku Quelimane andiuze, timabokosi ndili nato tambiri.