Ufulu wa Amayi Unandikanirira M'chiuno

Ndiyambe ndi kukonza mabodza amene akuyenda limodzi ndi chithunzi changa chija pa WhatsApp, chondionetsa nditagona chagada, nditakanirira m'chikhakha cha pulasitala. Sindinkalira. Fumbi la pulasitala likalowa m'maso misozi imatuluka yokha, funsani aliyense. Komanso sikunabwere ozimitsa moto. Amene akufalitsa zimenezo ndi mlamu wanga, munthu woti akanakhala kuti amalipidwa pa bodza lililonse bwenzi pano ali ndi nyumba yosanja. Onditulutsamo anali apongozi anga, sizasi ndi rula basi.

Mukudziwa kale kuti ndimapanga zaluso pophatikiza zinthu zakale ndi zotolatola: mabatani, makiyi adzimbiri, malesi ong'ambika, mapepala a magazini ofiira ndi ukalamba. Ena a inu mumati ndimaweta zinyalala, ndakumvani. Tsono anandiitana ku chionetsero cha akazi aluso, mutu wake mkazi wosamva, wokana kumangidwa chingwe. Ndipo mwayi unali wanga, chifukwa ndinali nditangopeza koseti yakalekale, chovala cham'kati chija akazi a ku Ulaya ankafinya nacho chiuno mpaka mpweya kumachita kupempha chilolezo polowa. Yanga inali ya nsalu yolimba, m'kati timizere tachitsulo (zakale kwambiri ankaikamo zolimba za m'kamwa mwa namgumi), kutsogolo tingowe, kumbuyo zingwe zokoka.

Maganizo anga anali apamwamba, ndipo pamenepa sindibwerera m'mbuyo. Ndinkafuna kosetiyo iime yokha, yolimba gwa, m'kati mopanda munthu. Woiona adziwe kuti mwini wake anatulukamo, anapita, sanasiye n'komwe uthenga. Kunja kwake makiyi osatsegula kanthu, ndi masipuni oloza kunja mbali zonse kuti wofuna kumugwira m'chiuno aganize kawiri. Musaseke za masipuniwo. Hannah Höch wa ku Germany, amene masana ankalemba mapatani a zoluka ndi zopeta pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Berlin, anadula zithunzi za m'manyuzi n'kupanga chithunzi chake chotchuka cha 1919, ndipo dzina lenileni la chithunzicho limatchula mpeni wa kukhitchini. Betye Saar wa ku Los Angeles mu 1972 anatenga kachidole ka mayi wakuda wantchito zapakhomo, kogwira tsache, n'kukagwiritsa mfuti dzanja linalo. Zida za kukhitchini zinalowa kale usilikali ine ndisanabadwe.

Vuto linali loti nsalu siima yokha. Pamafunika thupi loti iumbikirepo. Zidole zovekapo zovala zija ndinazikana pa mfundo: zilibe mimba, sizinaberekepo, sizidziwa kanthu. Thupi la mkazi weniweni linalipo m'nyumbamo, laulere, ndipo linali langa.

Mabandeji a pulasitala ndi omwe aja a chikhakha cha munthu wothyoka. Umawaviika m'madzi, n'kukulunga, pakangopita mphindi zochepa ayamba kufunda n'kuuma. Odziwa ntchitoyi amati uzidzola Vaseline wambiri, uziumba mbali imodzi yokha pa nthawi, ndipo pazikhala munthu wina pafupi. Malangizo onsewa ndinkawadziwa bwino lomwe. Koma mutu wa chionetsero unali kusamva.

Ndinavala kamalaya kopyapyala, kosetiyo pamwamba, n'kukoka zingwe mpaka maso kutong'oka pang'ono. Kenako ndinayamba kukulunga, kuzungulira thupi lonse, kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno. Ndinaphimba tingowe takutsogolo. Ndinaphimbanso mfundo ya zingwe kumbuyo, chifukwa inkaononga mzere wa msana. Pulasitala akadali wofewa ndinazika zigwiriro za masipuni, n'kumangirira makiyi ndi waya. Nditayang'ana pagalasi ndinadzisirira. Ndinkaoneka mfumukazi ya nkhondo imene palibe angaiuze kuti ikachape mbale. Ndinatenga foni kuti ndidzijambule, ndipo popeza zala zinali zoterera, foniyo inagwa pansi.

Ndinati ndiwerame. Thupi linakana.

Osati kukana kwa msana ukamapweteka, kumene mumakambirana n'kugwirizana. Uku kunali kukana kwa khoma. Kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno ndinali nditasanduka chipilala, ndiponso chipilala chofunda, chifukwa pulasitala akamauma amatulutsa kutentha. Ndinapapasa tingowe, ndinapeza simenti. Ndinapapasa zingwe, ndinadzibaya ndi sipuni pachigongono. Ndinati palibe chovuta, foni ndiitola ndi phazi, ndiimbire munthu. Chala chachikulu chakuphazi chinaigwira bwinobwino, n'kuikankhira kunsi kwa kabati.

Apa ndinaganiza zotsika pansi msana uli chilili, mmene amatsikira anthu onyamula zinthu zolemera pamasewera. Ndinafika pakati. Mawondo anayamba kukambirana okhaokha. Kenako dziko linapendekeka, ndipo ndinapezeka ndagona chagada ngati kamba wogadamizidwa ndi ana, miyendo ikupalasa m'mwamba, masipuni akumbuyo atandikweza pang'ono kuti msana usakhudze n'komwe pansi. Ndikati ndigubudukire kumanja, sipuni yakumanja n'kuletsa. Kumanzere chimodzimodzi. Ndinapanga mkazi woti palibe angamusunthe, ndipo ntchitoyo inatheka kwambiri.

Pafupi ndi mphuno yanga panali nkhope za akazi zimene ndinadula m'magazini akale, zodikira kumatidwa. Mmodzi anali pafupi zedi: tsitsi lopiringizidwa bwino, ndolo zoyera, dzanja limodzi pa makina ochapira, akumwetulira mano onse panja ngati wauzidwa kuti wapambana mpikisano. Dzulo lake ndinali nditamujambula ndevu ndi bolopeni kuti aoneke woukira. Tsopano ankandiyang'ana ndi ndevu zakezo, ndipo ndikulumbira kuti kumwetulirako kunali kutakula.

Ndiyeno kunabwera kuyetsemula.

Anzanga, simunayambe mwaganizapo kuti kuyetsemula kumafuna malo. Ine ndinakumva kukubwera chapatali, kukuyamba ndi kunyerenyetsa kumtunda kwa mphuno, chifukwa fumbi lonse la m'chipindamo limakhala pansi pomwe ndinagonapo. Ndinakuchonderera. Ndinatsina mphuno, ndinakanikiza lilime kumwamba, ndinawerenga manambala chobwerera. Chifuwa chinati chikoke mpweya wokonzekera, koma chinangofufuma pang'ono n'kugunda khoma. Chinayesanso, n'kugundanso. Kuyetsemulako kunaima pakhosi kukudabwa, kusadziwa kolowera, kunatsika kukafufuza m'mimba, kunapeza kotseka, kunabwerera. Pomaliza kunatuluka m'zidutswa, kamodzikamodzi, timawu tating'ono ta mwana wa mphaka, ndipo pa kachidutswa kalikonse makiyi onse ankalira ngwelengwele, masipuni n'kugogoda pansi. Ndinali gulu loimba lathunthu. Nditamaliza panakhala bata, kenako kiyi mmodzi, wochedwa kumva, analira yekha. Mayi wandevu uja anali ataulukira pamphumi panga n'kumatirira pa thukuta.

Ndi nthawi imeneyo pamene ndinamva odi pakhomo.

Pa anthu onse a dziko lapansi, kuphatikizapo akuba, amene ndikanakonda kuti andipeze choncho, apongozi anga anali omalizira. Mayi amenewa anagwira ntchito ya utelala moyo wawo wonse, ndipo diresi likakhota msoko amaliona ali tsidya lina la msewu. Koma mpweya unali ukuchepa, ndiye ndinakuwa ndi kamawu kotsalako kuti, "Lowani, Mayi, sikokhoma!"

Anaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali, chikwama chili m'manja. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka pa mayi wandevu.

"Mwana wanga, mwachita ngozi?"

"Ayi, Mayi. Ndi luso."

"Luso la ndani?"

"Langa, Mayi."

Munthu ukagona chagada pamaso pa apongozi, chimene chatsala ndi maphunziro. Ndinayamba kuwafotokozera, mawu atatuatatu kenako kupuma, kuti Frida Kahlo wa ku Mexico ankavala makoseti a pulasitala, n'kumajambulapo zithunzi ali chigonere, ndipo mpaka lero anthu amakawaona ku nyumba yake ya buluu ku Coyoacán. Anafunsa chimene chinamuchitikira. Ndinati mu 1925 basi imene anakwera inagundana ndi sitima yoyenda mumsewu, msana n'kuthyoka.

"Ndiye mnzanuyo anali ndi basi. Inu yanu ili kuti?"

Ndinasintha njira. Ndinati mu 1968 ku Atlantic City akazi anachita zionetsero pa mpikisano wa Miss America, n'kuponya mumgolo wa zinyalala zovala zofinya thupi, nsapato zazitali zidendene ndi zina zotero, pofuna kuonetsa kuti atopa nazo.

"Anayamba avula kaye, eti?"

Sindinayankhe. Mpweya ndinkausunga.

Apa m'pamene analowa mlamu wanga, amene anawabweretsa pa galimoto. Zimene anachita mwaziona. Ndingowonjezera kuti chithunzicho anachijambula kuchokera kumapazi, mbali imene palibe munthu amaoneka bwino, ndiponso kuti anachita kukhala pansi chifukwa cha kuseka pamene mkazi wa mkulu wake akutha.

Apongozi anamutuma madzi ofunda ndi thaulo kuti afewetse pulasitala. Sizasi yanga anaiyang'ana n'kuibweza patebulo osanena kanthu. Anatsegula chikwama n'kutulutsa yawo, yaikulu ija yazigwiriro zakuda, imene mwana wawo weniweni sanaloledwepo kuikhudza ngakhale kuti adule ulusi. Kuti amayenda nayo m'chikwama ndinadziwa tsiku limenelo. Analowetsa rula pakati pa kamalaya ndi koseti kuti asandicheke, anagogoda ndi chala m'mbali mwanga mpaka atapeza mpata wa pakati pa timizere tachitsulo, n'kuyamba kudula motsata msoko umene sankauona n'komwe.

Ndipo ankasangalala. Ndinawamva akung'ung'udza kanyimbo. Atafika chapakati anati, osandiyang'ana, iwonso ali mtsikana anavekedwapo lamba wofinya mimba pa phwando lina kuti diresi likhale bwino. Anapirira mpaka pakati pa mwambo, analowa kuchimbudzi, anamudula ndi lezala, anamusiya pawindo, n'kubwerera kukavina mpaka kutha. Ine miyezi yonseyi ndikufufuza mkazi woukira m'magazini akale, kumujambula ndevu ndi bolopeni, pamene mwini wake amabwera kwathu ndi sizasi m'chikwama.

Ndinatsala pang'ono kugwidwa ndi chikondi. Koma sizasi inaima.

Anagwira sipuni imodzi, anaipukuta ndi chala, anaipendeketsa kuti aone kaduwa kapachigwiriro.

"Masipuni awa munawapeza kuti?"

"Ndinatola, Mayi. Luso limeneli n'la zinthu zotola."

"Munatola kuti?"

"M'dirowa."

"Ya m'nyumba muno?"

Pano ndidziteteze, chifukwa nkhaniyi ikupotozedwa. Masipuni amenewo anatipatsa okha monga mphatso, zoona. Koma anakhala m'dirowa zaka zonsezi osagwira ntchito, akudikira alendo olemekezeka amene sanabwere mpaka lero. Ine ndinawapatsa mwayi wotuluka, woonedwa ndi anthu. Chinthu chikaiwalika m'dirowa n'kupezeka, ndiye kuti chatoledwa. Mfundo imeneyi ndikhoza kuiteteza pamaso pa aliyense nditaimirira.

Koma sindinali chiimire. Ndinali wodulidwa theka, mbali imodzi ikupuma, inayo ikadali m'ndende. Apongozi anakoka mpando, anakhala, anaika sizasi pamiyendo, n'kuyamba kuwerenga masipuni mokweza. Atamaliza akutsogolo anauza mlamu kuti anditembenuze kuti awerenge akumbuyo. Zokambirana zimene zinatsatira sizinali za anthu ofanana mphamvu. Ndinavomera kuwazula onse, kuwawongola, kuwatsuka, ndi zinanso zimene sindingalembe pano chifukwa amuna anga amawerenga. Atakhutira anamaliza kudula, chikhakhacho chinatseguka, ndipo mpweya umene ndinakoka unamveka mpaka panja. Timaubweya timene Vaseline akanateteza m'khwapa tinapita limodzi ndi luso. Kukuwa kumene aneba akunena ndi kumeneko.

Ku chionetsero ndinapititsa zidutswa ziwirizo mmene zinalili, zong'ambika m'mbali, zodzaza mabowo pomwe panali masipuni. Anthu anaima nthawi yaitali. Bambo wina wa magalasi anati mabowowo akuimira mabala amene mkazi amanyamula mwakachetechete, ine n'kugwedeza mutu mwaulemu. Mayi wina anayamikira kudulako, akuti kukuoneka kuti wodulayo anali ndi mkwiyo wa zaka zambiri. Apongozi atamva zimenezi anati dzina lawo liikidwe pakapepala kapakhoma, ndipo nkhani imeneyo sinathe.

Chatsala n'choti pa makiyi osatsegula kanthu aja, mmodzi wapezeka kuti amatsegula kachipinda kathu kosungiramo katundu. Wazikika mu pulasitala mbali ya kumsana, ndipo oyang'anira chionetsero akuti palibe kukhudza chilichonse mpaka atatseka kumapeto kwa mwezi. Ndiye ngati pali wina ali ndi makwerero oti atibwereke, andiuze, athu ali m'kati mmenemo.