Denga la kanyumba ka ku Singleton

Loweruka, mwezi wa Malichi. Dzuwa linalipo koma losatenthetsa, kamphepo kochokera kumapiri a South Downs kakulowa mpaka m'mafupa. Njira zinali matope okhaokha, maluwa achikasu a daffodil atangoyamba kusuzumira.

Ku Weald & Downland, malo oonetserako nyumba zamakedzana pamudzi wa Singleton pafupi ndi mzinda wa Chichester ku England, kuli nyumba zakale zoposa 50. Zambiri anaziphwasula kumene zinali n'kudzazimanganso kuno, mtengo uliwonse ataulemba chizindikiro. Malowa anatsegulidwa mu 1970. Aliyense amathamangira ku Bayleaf, nyumba ya zaka za m'ma 1400 imene inachoka ku Chiddingstone ku Kent pomwe ankamanga damu la Bough Beech. Njokongola, sindikana. Koma kamene kandisowetsa tulo ndi Poplar Cottage, kanyumba ka mlimi wosauka ka zaka za m'ma 1600, kofolera ndi mapesi.

Pakhomo pake panaima bambo ena achikulire, alendo ngati ine, maso ali kutsindwi. Anati ntchito yawo inali yofolera. Ine n'kunena kuti kwathu udzu timaudziwa, timafolera chaka ndi chaka mvula isanayambe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Chaka ndi chaka? Denga lanu n'lotsetsereka bwanji?"

Ndinasonyeza ndi mkono. Iwo anaugwira mkonowo n'kuukweza m'mwamba.

Nkhani yonse ili pamenepo. Denga lisachepere madigiri 45, ndipo 50 ndiye bwino. Likakhala chogona, madzi amaima n'kulowa pansi, udzu n'kuyamba kuwola. Kuchindikala kwake ndi masentimita 30 kapena kuposerapo, koma pa denga lochita bwino amanyowa ndi masentimita ochepa apamwamba basi, pansi pali gwa. Mapesi a tirigu amatha zaka 20 kapena 30, bango la m'madambo limafika 50. Pamsonga, pomwe mbali ziwiri zimakumana, ndi pomwe pamayamba kutha: amakonzapo pakapita zaka 10 mpaka 15.

Luzi sagwiritsa ntchito ngati ife. Amang'amba timitengo ta hazel, n'kutisongola mbali zonse, n'kutipotokola pakati kuti tikhale ngati chipanda. Kupinda osapotokola, kamtengoko kamathyoka. Pokhoma amakalozetsa m'mwamba pang'ono. Ukakalozetsa pansi, madzi amatsata kamtengoko mpaka paphaso, ndipo kudontha kwake sungakupeze msanga chifukwa pamwamba pamaoneka bwinobwino. Mbali imene sipafika dzuwa, kapena pansi pa mtengo, pamamera ndere n'kumasunga chinyezi. Mbalame nazo zimasolola mapesi, n'chifukwa chake ena amayala waya pamwamba.

Makoma ndiye anandiseketsa. Timitengo toimika pakati pa mizati, tina toluka chopingasa, kenako kumata dothi losakaniza ndi mapesi ndi ndowe, anthu awiri mbali ino ndi mbali iyo kuti dothi ligwirane. Nyumba ya agogo yeniyeni! Pamwamba amapaka laimu. Simenti ayi, anatero bambowo akugwedeza chala, chifukwa imatsekera chinyezi mkati, mtengo n'kuwolera momwemo mwini wake osadziwa.

Mkati munali mdima ndi fungo la utsi. Chumuni ya njerwa mulibe. Kumapeto kwa nyumba anasiya kampata kopapatiza kuchokera pansi mpaka kudenga, moto amasonkha pamenepo, utsi n'kumakwera okha. Mwaye bii.

Chimene chikundivutabe ndi pepala la pulasitiki lakuda limene timayala pansi pa udzu kumudzi. Nditawafotokozera, bambowo anangoti udzu umafuna kupuma pansi ndi pamwamba. Ndinafuna kuwauza za chiswe, za mvula ya Januwale yogwa ngati akukhuthula ndowa, za tsekera amene masiku ano ndi wogula. Akazi awo anawaitana kuti tiyi akuzizira.

M'basi yobwerera ku Chichester ndimangowerengera mitolo. Denga la masentimita 30 pa nyumba ya zipinda ziwiri, ngolo zingati? Nanga nsungwi yong'amba ingapotokoke osathyoka? Nsapato zikadali pakhomo ndi matope ake.