Ndinalalikira chikuto

Musanayambe kundiseka pa WhatsApp, imvani mbali yanga. Inde, ndinadzudzula Superman kumapemphero a kumlaga. Ndipo aliyense wa inu akanachita chimodzimodzi.

Zonse zinayamba ndi kabuku ka nthano za zithunzi ka Jimmy Olsen, mnzake wa ngwazi yamphamvu ija Superman, nambala 115, ka 1968. Alamu anga anabwera nako kuchokera ku Johannesburg kali m'pulasitiki, n'kundilumbiritsa kuti ndisatsegule, ati mtengo umagwa. Pachikutopo Superman waima m'chipululu, madzi ali m'manja, pomwe Jimmy ndi Aquaman akukwawa pamchenga ndi ludzu. Aquaman ameneyu, ngwazi ya m'nyanja, m'nkhani za nthawi imeneyo, akatha ola limodzi popanda madzi ndiye kuti maliro. Ndiuzeni, mukanafunanso umboni wanji?

Ndiye Lachinayi ndinakanyamula m'mwamba ngati kalata ya kukhoti. "Abale, taonani munthu wamphamvu wouma mtima!" Anthu anavomera ame. Agogo ena anayandikira, anavala magalasi, anayang'anitsitsa Superman kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kutsonya kotalika mpaka nkhuku panja zinasiya kutola. Anafunsa ngati wa malaya a olenjiyo, Aquaman, ali ndi abale. Ndinati sindikukhulupirira. Anapempha kuti timukumbukire m'pemphero. Tinamukumbukira, abale anga. Ndi dzina lomwe. Mayi wina anagwetsa msozi chifukwa cha Aquaman.

Tili mkati mwa nyimbo yotsekera, mwana wa eni nyumba, wa sitandade 6, anali atang'amba kale pulasitiki ija. Anakweza dzanja mwaulemu: "Ankolo, uyu si Superman ayi. Ndi chigawenga chadzisandutsa."

Koma tiyeni tilankhule chilungamo. A DC, kampani yosindikiza timabukuti, masiku amenewo, pansi pa mkonzi Mort Weisinger, nthawi zambiri ankayamba ndi chikuto, kenako olemba azivutika kupeka nkhani yoti igwirizane nacho. Ukatsegula umapeza kuti anali maloto, kapena chidole cha makina, kapena msampha wogwirira mbava. Cholinga chinali chakuti mwana wa ku America atulutse masenti ake 12. Ndiye ngati akuluakulu a ku New York anakhala pansi kukonza bodza mwaluso chonchi, ine ndine ndani?

Agogo aja akuti pemphero silipita pachabe. Alamu akufuna ndalama ya pulasitiki, ati ndi yapadera. Ndawauza kuti tikambirana mwezi ukatha.