Za ndalama yolowera pa msonkhano wathu wa alimi a nkhuku

Anzanga a ku Mchinji mwandifunsa kuti msonkhano wathu wa mu Disembala 2023 uja tinauyendetsa bwanji popanda bungwe lotithandiza, ndiye ndingolemba kamodzi.

Ife ndi alimi a nkhuku wamba, ena a ku Area 25, ena Kawale, Chinsapo mpaka ku Mitundu. Akomiti tinakhala pansi nkuwerengera holo, zoyankhulira, nkhomaliro ndi thiransipoti ya alangizi a ziweto awiri oti adzatiphunzitse za katemera wa matenda a chitopa ndi gumboro, tinagawa ndi chiwerengero cha anthu nkugwirizana K10,000 aliyense. Phokoso linayambira pamenepo. Paja kuno tinazolowera kuti ukapita ku wekishopu ya mabungwe umasaina pepala nkulandira alawansi, ndiye kumuuza munthu kuti iyeyo ndi amene apise mthumba, ena amachita kundiimbira kuti mayi nanga ifeyo tikalandira zingati? Wina mpaka anati akomiti tikufuna kudyerapo, zinandiwawa chifukwa ngakhale mayunitsi oimbira anthu ndimagula ndi ndalama yanga ya mazira. Chomwe chinatithandiza ndi kulemba bajeti yonse papepala, kujambula nkutumizira aliyense. Ataona mtengo wa mpunga ndi mafuta ophikira ambiri anamvetsa.

Koma holo abale. Inali ya pasukulu ina yake, sinditchula. Tinapita mu Okutobala, bambo wa mu ofesimo anatiuza mtengo pakamwa nkuti musadandaule tsikulo ndi lanu, tinagwirana chanza basi ine nkubwerako opanda kapepala kalikonse. Kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, mafuta a galimoto nawo kukwera. Nditapita kukalipira akuti mtengo wasintha, pafupifupi kuwirikiza, ndipo woti alandire ndalama palibe wapita ku banki. Ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka 3 koloko, osadya, nkhuku zanga kunyumba zopanda madzi ndi kutentha kwa Novembala kuja, mapeto ake akuti mubwere mawa. Mawa lakelo akuti mipando imalipiridwa payokha, komanso ya mlonda ndi ya osesa. Bwanji osanena zonsezi tsiku loyamba lija? Anthu anali atayamba kale kulipira K10,000 ija, ukawauza bwanji kuti awonjezere pomwe dzulo lomweli amakunena kuti ukudya? Tinasonkherana akomiti tokha kuti tikwanitse.

Ndiye chonde, mtengo wa holo akulembereni papepala adinde, mulipire ngakhale theka tsiku lomwelo mutenge risiti. Muwafunse kuti mipando, magetsi ndi zimbudzi zili momwemo kapena ayi.

Ndinaiwala, ndalama timalandirira pa Airtel Money ndi Mpamba, nambala ya msungichuma mmodzi yekha. Muwauze anthu awonjezerepo yotapira, komanso akatumiza alembe uthenga wa dzina lawo, chifukwa amayi ambiri amatumiza pa foni ya amuna awo kapena kudzera kwa ejenti ndiye dzina lomwe limabwera ndi lina, ife tinatha usiku wonse kufananiza mayina ndi kope. Tsiku lomaliza kulipira muike sabata imodzi msonkhano usanachitike. Za ndidzalipira pakhomo musalole, tinaphikira anthu 15 amene sanabwere nkomwe.

Panali ena oti ndalamayo analibedi, makamaka agogo awiri a ku Mitundu amene amaweta nkhuku zachikuda. Amenewo sitinawabweze, anabweretsa tambala aliyense tinaphika ndiwo, ndipo anyamata atatu anagwira ntchito yokonza mipando ndi kulemba mayina m'malo molipira. Izi muzigwirizane mu komiti pachiyambi pomwe, osati pakhomo anthu akuona, munthu wamkulu asachite manyazi.

Pomaliza msonkhano msungichuma anaima kutsogolo nkuwerenga ndalama zonse zolowa ndi zotuluka, marisiti ali m'manja, ndipo bambo uja amati tikudyerapo anadzandipepesa panja. Pa msonkhano wa ulendo uno holo tapeza ku tchalitchi, ndalipira yonse kale ndipo risiti yodinda ndasunga ndekha, kope lina lili kwa mlembi.