Chiperoni, telesikopu yobwereka ndi miyezi ya Jupiter

Ndimaphunzitsa Fizikisi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mulanje. Sabata yathayi tinali ndi telesikopu yomwe mnzanga wophunzitsa kuyunivesite anatibwereka, n'kunenetsa kuti Loweruka ibwerere.

Lolemba ndi Lachiwiri chiperoni chinatseka zonse. Phiri lenileniro, lotalika mamita 3,002 pa Sapitwa, silinkaoneka, nanji nyenyezi! Tinangokhala m'kalasi kukamba za MeerKAT, madishi 64 omwe ali ku Karoo ku South Africa, otchera mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Ana a Fomu 3 analemba bwinobwino m'makope, koma nkhope zinkaonetseratu kuti akungondimvera ulemu.

Lachitatu kunayera. Ahedi analola kuti amene amakhala pafupi atsalire mpaka kachisisira, makolo atadziwitsidwa. Ndinalozetsa telesikopu ku pulaneti ya Jupiter. Mtsikana woyamba kusuzumira anati, "Sala, galasi lanu lili ndi fumbi, pali timadontho tinayi." Ndinamuuza kuti ajambule timadonthoto mmene tandandalikirana, pambali alembe tsiku ndi nthawi. Ena onse anachita chimodzimodzi, tochi ya foni ili kukamwa. Sindinafotokoze kanthu.

Lachinayi madzulo timadontho tija tinali titasuntha. Mkangano unabuka, ena akuti dzulo anzawo anajambula molakwika, mpaka atayala makope onse pa benchi n'kuona kuti zojambula zadzulo n'zofanana. Apo m'pamene ndinawauza kuti imeneyo ndi miyezi ya Jupiter, yomwe wasayansi Galileo anaiona mu 1610. Wapafupi, Io, umazungulira m'maola pafupifupi 42 okha, pomwe wakutali, Callisto, umatenga masiku pafupifupi 17. Kunena zoona, phunziro la mphamvu yokoka ndaliphunzitsa zaka zambiri pa bolodi, koma mafunso ngati a usiku umenewo sindinafunsidwepo.

Alonda athu nawo anasuzumira, kenako n'kuloza nyenyezi yowala kuzambwe. "Aphunzitsi, ameneyo ndi mkazi wa mwezi. Amaphika bwino, n'chifukwa chake mwezi ukakhala kwa iye umanenepa. Wam'mamawa uja amaumana chakudya." Ndinawauza kuti wamadzulo ndi Nthanda ya m'bandakucha ndi dziko limodzi, Venus, limangosintha mbali. Anaseka: "Ndiye kuti mitala ija inali yabodza?"

Lachisanu mitambo inabwereranso. Ndinapukuta magalasi, kulongedza zonse m'bokosi, n'kuyamba kuchonga mayeso omwe anaunjikana. Anyamata awiri anabwera kudzafunsa mapointi ofunika kuti munthu alowe kuyunivesite ya sayansi ya MUST, ku Thyolo.