Maginito ndi magetsi osataika

Abale aku Songo, Ulongwe mpaka ku Moatize, nkhani iyi ya maginito, magetsi osataika ndi makompyuta amtundu watsopano yandigwira mtima zedi. Magetsi a Cahora Bassa akamayenda makilomita pafupifupi 1400 kupita ku South Africa ena amathera m'njira, mawaya amangotentha, koma pali zitsulo zoti ukaziziziritsa kwambiri magetsi amangodutsa osataika olo pang'ono, wasayansi Kamerlingh Onnes anaziona mu 1911 pa chitsulo cha mercury chozizira -269°C. Nthawi zambiri maginito amaononga zimenezi. Koma mu 2014 gulu la wasayansi Ali Yazdani ku yunivesite ya Princeton ku America linandandalika maatomu a ayironi, omwe ali ndi maginito, pamwamba pa mtovu wozizira womwe magetsi amadutsamo osataika ndipo kumapeto onse awiri a mzerewo kunaoneka zizindikiro za tinthu ting'onoting'ono totchedwa Majorana, tomwe asayansi akufuna kusungiramo uthenga wa kompyuta, apa mpamene pali phindu chifukwa akuti uthenga umagawika ku mapeto awiriwo, chosokoneza chikagunda mbali imodzi sichiufufuta, pomwe ma qubit (tizigawo tosunga uthenga) a makompyuta amtundu watsopano otchedwa quantum alipowa amasokonekera msanga heavy. Microsoft inatulutsa chip ya Majorana 1, yomwe akuti imagwiritsa ntchito tinthu timeneti, mu February 2025 koma asayansi ambiri akuti umboni sunakwane, ineyo ndili mbali yawo, a Microsoft ationetse kaye qubit ikugwiradi ntchito.