Za ulusi wa ku Makawa zija, imvani kwa mwini wake

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi: pa ulusi uja wa galamafoni ya pa kotheji ya ku Makawa sanalembepo kuti osakhudza. Nde inu amene mwayamba kundiitana kuti a Mota ndikamadutsa pa depoti, ena mpaka kumazunguza chala m'mwamba mukandiona, dziwani kuti nkhani imene akufalitsa mlamu wangayo wathiramo nsinjiro zambiri, iye anali pakhonde akudikira ndi njinga yake, anangoona kumapeto.

Abwana a kotheji aja anandiitanira inveta ndi waya wa earth, poti zoimbira zawo zimangoti mmmm zikayatsidwa. Ine zoimbira ndi ntchito yanga, mawufa a m'mabala a pa boma pano theka anadutsa m'manja mwangamu. Koma za pabalaza paja eee. Ampu ndi McIntosh ya ku America, MC275, chitsulo chonyezimira mavalavu, timababu tagalasi tokuza mawu, ali pamtunda poonekera, akuluakulu anayi otchedwa KT88 ndi tina tating'ono kutsogolo. Abwana nkuyamba ulaliki, akuti mtundu umenewu unayamba kutuluka mu 1961, mawati 75 mbali iliyonse, ndipo kampaniyo imadziwika ndi galasi lakuda kumaso, zilembo zobiriwira ndi mamita a buluu ngati ali pa chinzake chapamwambacho, moti wodziwa amaizindikira asanalowe nkomwe m'nyumba. 75 yokha aise. Wufa ya mu saluni ya mkazi wanga pa katoni analemba 3000. Ndinangoti zoona abwana.

Atayatsa, timavalavu tating'ono tija tinawala chikasu kenako nkusanduka tobiriwira. Ine monga katswiri ndinasuzumira. Ma LED amwene! Valavu payokha imangofiira pang'ono mkati, kubiriwirako ndi tinyale toika pansi kuti zigwirizane ndi mtundu wa kampani. Nzokongola, sindikana, koma apa ndi pamene mutu wanga unalemba kuti pa zipangizo zodulazi zambiri nzongokometsera. Musaiwale mfundo imeneyi, ndi imene ikundiikira kumbuyo.

Galamafoniyo dzina sinditchula. Chozungulira chake ndi chipulasitiki choonekera mkati, chochindikala kuposa chikhatho, cholemera choti ukanyamula umayamba wakumbukira msana. Chivindikiro palibe, batani lolembedwa palibe, mota ili payokha chapambali m'kachitini kachitsulo. Pakati pa ziwirizi padutsa kaulusi kotuwa ndi fumbi.

Abwana apita ku boma kukatenga alendo ochokera ku Blantyre. Ine ntchito ndamaliza, mmmm uja watheratu (zimenezi mlamu sakunena), ndati ndiwapukutireko fumbi ngati basera. Ndaona kaulusi. Inu nonse mukudziwa akangaude a kunyanja kuno, ukatsamira khoma mphindi zisanu amakumangira limodzi. Ndakakoka ndi chala, kosaduka. Ndati kangaude wa ku Makawa akudya bwino, ndatenga pulayala, du!

Kuyesa kuyatsa, mota ikuthamanga bwinobwino, chozungulira chija chili duu.

Zotsatirazi ndinaziwerenga pafoni thukuta lili chuchuchu. Galamafoni ya Technics SL-1200 ya ma DJ ija, imene inatuluka mu 1972, mota ili pansi pa mbale penipeni, palibe choti ungadule. Linn ya ku Scotland ndi Rega ya ku England zimayendera lamba wa labala koma anamubisa kunsi, kumene dzanja la munthu wofuna kuthandiza silifika. Pomwe opanga ya abwanayi amati mota imanjenjemera, singano nayo imamva chilichonse poti imangogunda mbale ndi kulemera kwa magalamu ngati 2, nde motayo aiike patali ilumikizidwe ndi ulusi woonda kuti kunjenjemera kusawoloke, kulemera kwa chozungulira kuzisunga liwiro. Nzeru ilipo. Koma chinthu cha mtengo wa galimoto ungachipachike pa ulusi, opanda olo kachikwangwani?

Alonda anandibwereka chingwe cha mbedza. Ndamanga mfundo ya asodzi, ndakoleka, chazungulira. Ndinatsala pang'ono kudziombera m'manja.

Alendo afika, chambo chadyedwa, abwana abwereza ulaliki wa 1961 uja mawu ndi mawu, atulutsa mbale m'chikuto mogwira m'mphepete, singano yatsika. Nyimbo yayamba bwino, mayi wina wa mawu okoma. Kenako nayiloni yayamba kuterera. Mayi uja pang'onopang'ono wasanduka bambo, bamboyo wakalamba ife tikuona, wafika pa agogo amene akudandaula za malire a munda, kwinaku mfundo yanga ikadutsa pa mota ikuti thi, thi. Mlendo wina wa kapu yoyera, maso ali chitsinzinire, nkuti, "Mwamva kuzama kwa mawuko? Mavalavu amenewo." Anzake nkugwedeza mitu.

Ine ndasendera mwakachetechete, ndaima chopereka msana, ndaika chala m'mphepete mwa chozungulira nkuyamba kukankha. Agogo abwerera kukhala mayi.

Tsono amwene, mbale imayenera kuzungulira ka 33 ndi kachidutswa pa mphindi, kutanthauza kuti masekondi awiri asanakwane yamaliza ulendo, ndipo ikachedwa pang'ono khutu limamva. Nde ndili apo, kankha, siya, kankha, siya, Okutobala wa ku Mangochi kunja, mavalavu a KT88 akundiwotcha chigongono ngati ndatsamira mbaula, fani anathimitsa dala kuti isasokoneze nyimbo, thukuta likutsika pamphuno ndipo ndikuliwerengera kuti lisagwere pa mbale poti ndinamva kuti olo chala sichiloledwa kukhudzapo. Ntchentche yatera pakhosi. Ndagwedeza phewa, mayi uja wakwera mawu mpaka kudenga, wa kapu uja akuti "eyaa!" Ndinayamba kuidziwa nyimboyo ndi chala, poti apa woimba akukoka mawu ndisapume, apa pali ng'oma ndikhoza kubako pang'ono. Kunena zoona pa nyimbo yachitatu ndinkaimbitsa bwino kuposa mota.

"Achimwene, mukutani pamenepo?"

"Ndikuyeza earth, abwana."

"Oho, pitirizani."

Ndinapitiriza. Mbali imodzi ya mbale ndi mphindi pafupifupi 20, amene mukusekanu yesani kuzunguza chala mphindi zitatu zokha tione. Itatha ndinati Mulungu ndi wabwino, abwana nkuti tsopano timve ya 45, zimenezo ndiye zimatulutsa mawu enieni. 45 pa mphindi! Chala chinamva chokha nkuyamba kunjenjemera.

Sindinagwidwe ndi akuluakulu odziwa zoimbirawo ayi, onse anali atatsinzina. Kamwana ka alendo, kamene kanakhala pansi kakunyambita fupa la chambo nthawi yonseyi, ndi kamene kanati, "Adadi, ankolo awa akasiya kupukusa antiwo amatopa." Nthawi yomweyo alonda asuzumira pakhomo, chipewa m'manja, "Pepani abwana, ndimafunsa a injiniya ngati chingwe chija chatsalako, ndimafuna ndikaponye madzulo ano."

Abwana anayang'ana chingwe, anayang'ana ine, anayang'ana wa kapu uja amene mwadzidzidzi anayamba kufufuza kanthu mufoni. Sanakalipe. Anatsegula dirowa, muli chimpukutu chathunthu cha ulusi womwe uja, adula, amanga kamfundo kakang'ono, mphindi imodzi basi. Akuti umasinthidwa ukatha, nkhani wamba. Chimpukutu chonsecho chinali pompo, pansi pa chigongono changa chowaukacho.

Ndalama ya inveta anandipatsa yonse, ndipo mmmm sanabwerenso mpaka lero, kafunseni. Alonda okha ndi amene akuvuta, akuti ndinadula chingwe chachitali kuposa chimene tinagwirizana.